Mapaipi a Fumbi m'Phanga la Amayi

Lanzhou, 9 Meyi 1996

Achemwali a Gailan,

Ndisanapereke moni, pali zinthu zisanu zoti tigwirizane, kuopa kuti ndingaiwale.

Choyamba, mapaipi achitsulo amene ndasiya m'phanga mwathumo alipo 36. Muwawerenge mukalandira kalatayi, ndipo mundiuze ngati nanunso mwapeza 36. Chachiwiri, asanyowe. Chachitatu, asayandikire mbaula. Chachinayi, manambala amene ndinalemba pa matumba akudawo asafufutike, chifukwa paipi yopanda nambala ndi dothi wamba ngati lomwe mumasesa pakhomo. Chachisanu n'chimodzimodzi ndi chachiwiri chija: asanyowe. Ndabwereza dala. Madzi akalowamo, masamu anga onse asokonekera.

Tsopano moni. Muli bwanji kumudziko? Nanga maondo a Amayi? Ine ndinafika bwino, kungoti basi inaima kawiri panjira, ndipo kawiri konseko ndinaganiza zobwerera kuti ndidzawerengenso mapaipi.

Masiku khumi ndi limodzi amene ndinali kumeneko ndinangokhalira kulendewera pachingwe kuphompho la kuseri kwa nyumba, nyundo ili m'manja. Amayi anandifunsa kuti, "Iwe mwana wanga Wachitatu, sukulu yonse ija unaphunzira kuti uzidzakhoma misomali m'phiri?" Ndinayamba kufotokoza bwinobwino, koma ndisanafike pakati anali atawodzera. Mwina inu mungawauze mwachidule.

Dothi lathu lonseli silinabadwire pano. Linabwera ndi mphepo kuchokera ku zipululu za kumpoto, fumbi lomwe lija limatilowa m'mano mu Malichi. Linkagwa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka kukhala mapiri amene timakumbamo nyumbawa. Pomwe phompho lili lachikasu, nthawi imeneyo kunali kozizira ndi kouma, mphepo ikuthira fumbi lambiri. Pomwe pali mzere wofiira, kunali kofunda, mvula ikugwa, udzu ukumera. Ntchito yanga ndi kudziwa kuti nyengo inasintha liti, ndiponso inasintha mofulumira bwanji. Zoti n'chifukwa chiyani mapaipiwo ndinawamata ndi tepi n'kuwaika m'matumba akuda, ndidzafotokoza ndikabwera. Ndi nkhani yaitali, ndipo ndi pomwepo pamene Amayi anagonera.

Musandiseke kuti ndikuchulutsa. Bungwe lathu la kafukufuku likuchepetsa anthu. Abwana anandiitana n'kunena kuti, "A Tuo, zaka zitatu mukuyeza phompho limodzi, anzanu alemba malipoti atatuatatu. Pakutha pa Okutobala lipoti likhale patebulo pangapa. Apo ayi, kuchipinda chosungira katundu kukufunika munthu wosamala ngati inuyo." Ndinaseka nawo.

Galimoto ya bungwe idzatenga mapaipiwo mu Ogasiti. Pa basi sindikanatha, onse pamodzi akundiposa kulemera.

Ndine mlongo wanu,
Shengmin

*

Kumudzi, tsiku la 20, mwezi wachinayi pa kalendala ya makolo

Shengmin,

Moni dokotala wa fumbi. Tili bwino, kaya iwe ndi abwana akowo. Kalata yako inayenda masiku khumi ndi awiri, mwina inalemedwa ndi malamulo.

Mapaipi alipo 36. Ndawerenga ine, awerenganso Amayi ndi ndodo yawo, ndipo akuti ukafuna awerengenso mbuzi utiuze.

Ndawawerengera Amayi kalata yonse. Pa za mphepo ija anati, "Ndiye anthu a kumpoto akhala akutisesera zinyalala zawo kuyambira kale? Muuze alembe zimenezo, boma limve." Pa za abwana ako sanaseke. Anafunsa kuti kuchipinda cha katunduko kumakhala mbaula kapena ayi, kenako anatenga bulangete la malemu Bambo n'kufunditsa mapaipi ako. Tsopano m'mawa uliwonse amapisa dzanja pansi pa bulangetelo ngati munthu woona ngati nkhuku yaikira.

Nkhani ina ndi iyi. Anthu a msewu afika. Azika timbendera tofiira pamwamba pa phompho lako lija, kuyambira pa mtengo wa masau mpaka kuchigwembe. Akuti tikangokolola tirigu, katapila abwera kudzaligumula lonse kuti msewu udutse. Nyumba yathu akuti saikhudza. Ndiye unachita mwayi, unatapa dothi lako nthawi ilipo.

Mvula yayamba msanga chaka chino. Maondo a Amayi akuidziwa isanagwe. Mankhwala opaka aja unabweretsa atha, tumiza ena, a botolo lobiriwira, osati aja onunkha ngati phula.

Mlongo wako,
Gailan

*

Lanzhou, 24 Juni 1996

Achemwali,

Moni. Ndathokoza powerenga, ndipo mankhwala a botolo lobiriwira ndatumiza pamodzi ndi kalata ino.

Mawu anu oti mvula yayamba msanga andisowetsa mtendere. Ndinapita ku ofesi ya zanyengo kukapempha manambala a mvula ya kwathuko, ndipo mayi wa kumeneko anandifunsa ngati ndili ndi munda waukulu. Ndinati ndili ndi mapaipi. Anandiyang'ana ngati wodwala.

Ndikulidziwa phanga lathu m'dzinja. Khoma limatuluka thukuta, mchere umasungunuka m'mbale, nsapato zimamera nkhungu. Chonde muwauze Amayi kuti chinyezi ndiye mdani. Ngati phompho lagumulidwa, dothi lomwe lili m'mapaipimo ndi lokhalo latsala pa dziko lonse, ndipo ndilibe kwina kokatapa. Chitani chilichonse chimene mungathe kuti likhale louma. Chilichonse.

Ndawerenganso kalatayi katatu kuona ngati ndasiya kanthu. Sindinasiye.

Shengmin

*

Kumudzi, tsiku la 8, mwezi wachisanu ndi chimodzi wa makolo

Shengmin,

Moni. Lero gona tulo, nkhani ndi yabwino.

Phompho lako linapita. Katapila anagwira masiku asanu ndi anayi, ndipo pomwe unkalendewera pachingwe paja tsopano pakudutsa magalimoto a malasha. Mtengo wa masau unapita nawo.

Mvula inagwa masiku khumi ndi atatu osaleka. Bulangete la Bambo linayamba kununkha, ndipo Amayi anasiya kuyankhula za china chilichonse. Kalata yako ya chinyezi ija anandiwerengetsa kanayi. Ankati, "Mwanayu sanatipemphepo kanthu chichokereni pakhomo pano. Lero watipempha chimodzi, ndiye tilephere?"

Dzana linali tsiku lachisanu ndi chimodzi la mwezi uno, tsiku loyanika, ndipo dzuwa linatuluka ngati lachita kuitanidwa. Ukudziwa mmene mudzi umakhalira: mabulangete pa mipanda, majasi a chikopa pa zingwe, aphunzitsi a Huo atayala mabuku awo onse pabwalo, masamba ali yasa. Amayi anadzuka n'kunena kuti, "Chimene chaona dzuwa la lero sichichita nkhungu chaka chonse. Bweretsa lumo."

Tepi yako ija inatizunza. Unaikulunga katatu ngati ukumanga wamisala. Chala changa chachikulu chatupa. Koma tinatsegula onse 36, n'kukhuthula dothi ndi kamtengo, paipi iliyonse pa nyuzipepala yakeyake, thumba la nambala titalitsindika ndi mwala pambali pake. Usadandaule, palibe zomwe zinasakanikirana. Amayi anaphwanya zibuma ndi supuni kuti dzuwa lilowe bwino, n'kukhala pampando ndi ndodo tsiku lonse kuingitsa nkhuku. Masana anatembenuza milu yonse kuti ndi zapansi zomwe ziume. Ndinawauza kuti akapume, iwo n'kuti, "Ukapume ndiwe, mwana si wako."

Mkazi wa a Huo anadutsa n'kufunsa kuti, "Anzathu, chaka chino mwakolola dothi?" Amayi anayankha kuti, "Ee, la mwana wanga wa ku koleji. Lanu la pakhomo silikwera galimoto ya boma."

Madzulo tinabwezera dothi lonse m'mapaipi ake, louma ngati ufa. Amayi khosi lapsa ndi dzuwa koma akuyenda ngati mtsikana. Akuti ukawauze abwana akowo kuti chipinda cha katunducho akhalemo okha.

Gailan

*

Lanzhou, 3 Ogasiti 1996

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera pa masitepe, ndipo ndinakhala pansi pomwepo mpaka munthu wina anandipempha kuti ndisendeze miyendo.

Ndifotokoze tsopano zimene ndinati ndidzafotokoza ndikabwera. Kamchenga kalikonse kakakwiririka mumdima kamayamba kusunga mphamvu pang'onopang'ono, ngati mtsuko wolandira madontho. Ife timatsegula paipi m'chipinda chamdima, makina n'kuyeza kuti mtsukowo wadzaza bwanji, ndipo timadziwa kuti fumbilo linaona dzuwa komaliza liti. Koma likangoonanso dzuwa, mtsuko umakhuthuka. N'chifukwa chake ndinkakhoma mapaipi m'kati mwa phompho m'malo mongopala ndi fosholo. N'chifukwa chake tepi, n'chifukwa chake matumba akuda. Dothi la mu paipi nambala 19 linali ndi zaka pafupifupi 70,000. Lero lili ndi masabata awiri.

Ndime yotsatirayi musawawerengere Amayi.

Zaka zitatu za moyo wanga mwaziyanika pa nyuzipepala ngati tsabola. Mwatembenuzanso kuti ndi zapansi zomwe zife. Munthu ukaona chinthu chomatidwa katatu, sungadzifunse kuti mwini wake anamatiranji? Ndikanadziwa, ndikanasiya mapaipiwo m'khola la nkhumba, chifukwa nkhumba ilibe manja.

Apa mukhoza kupitiriza kuwerenga.

Ndauza dalaivala kuti asabwerenso, msewu ndi woipa. Abwana sindinawauze. Ndakumana nawo kawiri pakhonde, ndipo kawiri konseko ndinalowa m'chimbudzi. Dzulo ndinakasuzumira kuchipinda cha katundu. Muli mashelefu 14 ndi zenera limodzi, ndipo muwauze Amayi kuti mbaula ilimo.

Ndatenga makope a makalata anga awiri aja, poti ndimasunga makope, n'kuwerenga ndi pensulo. Za kunyowa ndi chinyezi ndinazilemba mobwerezabwereza, m'makalata onse awiri. Mawu oti dzuwa sindinawalembe ngakhale kamodzi. Ndinabadwira m'phanga limenelo, ndinayanikapo mabulangete pa tsiku limenelo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sindinakumbukire kuti likubwera.

Kalatayi ndiitumiza ndisanaiwerengenso, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

Shengmin

*

Kumudzi, tsiku la 9, mwezi wachisanu ndi chiwiri wa makolo

Shengmin,

Moni, ngakhale sukuyenera.

Ndinachita monga unanena. Ndinawawerengera Amayi kuti wathokoza, galimoto yachedwa chifukwa cha msewu, ndipo upereka moni. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Mapepala atatu, mawu ake omwewo? Wachitatu akamati zikomo amayamba ndi chaka chimene anabadwa." Ndili kumunda anatenga kalata n'kupita nayo kwa aphunzitsi a Huo. Ukuwadziwa a Huo, sadumpha ngakhale kadontho. Anawerenga zonse mokweza ngati ali m'kalasi, ndi mzere womwe uja woti ndime yotsatirayi musawawerengere Amayi. Akuti anaima, n'kukonza magalasi, n'kupitiriza.

Nditabwera ndinawapeza Amayi atakhala pakhomo. Anangoti, "Nkhumba ilibe manja, zoona." Basi. Masiku anayi phala la mawere ankangolizunguza ndi supuni. Ine ndikanakhala nawe pafupi ndikanakumenya ndi chipande, dokotala kapena ayi. Ndinalakwa nawo, chala changa ndi mboni, koma iwe unalemba kuti chilichonse, kawiri.

Tsiku lachisanu anandifunsa kuti, "Kodi kwenikweni ankafuna chiyani m'phirimo?" Ndinati pomwe chikasu chimakumana ndi chofiira, komanso dothi lomwe silinaonepo dzuwa. Anati, "Ndiye ankalendeweranji pachingwe ngati nyani? Yatsa nyali."

Ananditengera ku kaphanga ka mkati, kaja timasungako bokosi lawo la maliro. Anaunika kuseri kwa bokosilo. Khoma kumeneko silinaziridwepo. Kuchokera pansi mpaka paphewa ndi lachikasu, kuchokera paphewa mpaka kudenga ndi lofiira, mzere wake woonekeratu. Anati, "Bambo ako anasankha pano chifukwa denga lofiira siligwa. Dothi lake ndinatuta ndine ndi dengu, iwe uli m'mimba. Dzuwa silinalowepo muno, ngakhale la tsiku loyanika."

Ndinawakumbutsa kuti sitikumba m'nyumba muli bokosi la munthu wamoyo. Anati akudziwa, si mwana. Mawa lake anapita okha kwa wosankha masiku abwino oyambira ntchito, atatenga mazira khumi, ndipo anawapatsa tsiku lachitatu la mwezi wachisanu ndi chitatu. Kenako anaitana amuna anayi n'kutulutsa bokosilo. Lili pabwalo pano, talifunditsa pulasitiki ndi mapesi.

Anthu a kutsidya ataliona anabwera akulira, ena atanyamula kale mapepala owotcha pa maliro. Anawapeza Amayi akusesa. Amayi anati, "Mwafulumira, bwererani. Ndikadzafa mudzamva kwa Gailan." Ndinaseka mpaka misozi, koma Shengmin, bokosi lija analipaka vanishi zaka zisanu ndi ziwiri, chaka chilichonse kamodzi, ndipo mvula sinathe.

Ndinafunsa ngati denga lingapirire mabowo. Anati, "Akhome mmene akufunira. Ine dengali ndilifuna zaka zingati?" Uthenga wawo kwa iwe ndi womwewo, ndipo akuti ubwere ndi tepi yako. Kudya akudyabe ngati mbalame.

Gailan

*

Lanzhou, 2 Sepitembala 1996

Achemwali,

Moni kwa inu ndi kwa Amayi. Chipande chija chisungeni, ndikubwera kudzachilandira.

Tsiku la wosankha masiku ndi 15 Sepitembala pa kalendala ya kuno. Ndaona m'mabuku awiri kuti ndisalakwe. Ine amene ndimawerenga zaka 130,000 ndi makina, tsiku langa logwira ntchito lagulidwa ndi mazira khumi, ndipo sindikutsutsa.

Ndakhala masiku atatu ndi pepala ndi pensulo. Mzere wa m'kaphangamo ndi umodzi mwa iwiri imene ndinkafuna, wa pomwe kuzizira kunatha. Kuti lipoti likhale lolemera, pakufunika mapaipi khumi ndi awiri, kukwera khoma mpaka pakati pa denga. Ndawerengera njira zinayi, ndipo zonse zikunena chimodzi: chaka cha mvula ngati chino, mabowo asanu ndi atatu m'denga limenelo ndi kuputa tsoka. Ndinayesa njira yachisanu yoti yankho lisinthe. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinayesa kwa tsiku lathunthu.

Ndikhoma anayi okha, awiri pansi pa mzere, awiri pamwamba pake, onse m'khoma la pafupi ndi khomo. Denga sindilikhudza. Tikamaliza tidzatseka mabowo ndi dothi lomwe lija munayanika, lipezeko ntchito.

Lero m'mawa sindinalowe m'chimbudzi. Ndinawauza abwana zonse. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anati, "Manambala anayi si lipoti, a Tuo, ndi risiti." Ndinati ndi omwe alipo. Anati aona mu Okutobala, koma ananena akuyang'ana pa kalendala, osati pa ine. Ndikuganiza kuti mashelefu aja ndiwadziwa bwino. Ndayamba kale kuganiza za mmene ndingawasanjire.

Za bokosi. Ndikudziwa kuti silingalowe tsikulo lisanafike, ndipo Amayi sangamve zanga. Muliike pa njerwa, osati pansi, ndipo pulasitiki isagunde vanishi, muike timitengo pakati. Ndagula vanishi wina. Madzulo a tsiku lomwelo lidzalowa, ndipo kumutu ndidzanyamula ndine.

Ndime yotsatirayi muwawerengere Amayi yonse. Mukaona kuti simungathe, pitani nayo kwa a Huo.

Amayi, ndine Wachitatu. Munachita zimene ndinapempha, ndipo munazichita bwino kuposa mmene ndinapemphera. Palibe nambala imene inasochera, pamene kuno ku ofesi zimasochera mwezi uliwonse. Wolakwa ndi amene anaona mayi ake akuwodzera n'kuganiza kuti sangamve, m'malo moganiza kuti iye satha kufotokoza. Mawu a nkhumba aja ndinalemba ndine, ndi dzanja langa, ndipo sindingawafufute. Mwafunsa kuti dengalo mulifuna zaka zingati. Sindikudziwa, makina athu sayeza zam'tsogolo. Koma ndalisiya lathunthu, ndiye mulikhalire.

Achemwali, ndinyamuka pa 13. Kalata yanu singandipeze, imayenda masiku khumi ndi awiri. Iyi ndaitumiza pa basi kuti ikupezeni msanga. Chonde mukangoiwerenga, tsikirani ku positi mukatumize telegalamu ku ofesi kuno. Musawononge ndalama ndi moni. Mawu amodzi akwana, akudya kapena sakudya, koma andipeze msanga, ndisanakwere basi.

Mlongo wanu,
Shengmin